Kodi kukonzanso ndi kukuza sitolo ya m'mbali mwa mtsinje kumafuna kauniuni wa chilengedwe?

Mayi Nambewe, msewu wa ku Muloza, Mulanje

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kwa masabata angapo, ndipo ndikupempha kuti amene mukudziwa malamulo a zomangamanga ndi a chilengedwe mundiunikire ndisanalowetse ndalama m'madzi.

Malemu bambo anga anamanga sitolo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pa malo ena a malonda a m'mbali mwa msewu wa M2, pakati pa boma la Mulanje ndi Limbuli. Ndi nyumba ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha zomangira dothi. Khonde lake linayang'ana kumsewu, pamene kumbuyo kwake kumadutsa mtsinje wotsika m'phiri umene umakathira mu Ruo. Ndili mwana, tikatuluka pakhomo la kumbuyo tinkadutsa m'nthochi, kenako m'nsungwi, ndipo tinkatsetsereka ndithu tisanafike pamadzi. Lero zonsezo kulibe. Namondwe wa Ana anagumula gombe pang'ono mu Januwale 2022, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anazula nsungwi zonse n'kutenganso chimbudzi chathu chokumba. Madzi analowa m'chipinda chosungira katundu mpaka kulekeza m'mawondo, ndipo mzere wa matope ukuonekabe pakhoma. Sabata yatha ndinayeza ndi chingwe: kuchokera pakhoma la kumbuyo kukafika pamene gombe linadukira patsala mamita 11 okha.

Chimene ndikufuna kuchita chili pawiri. Mbali yoyamba ndi kukonzanso nyumba yakaleyo, ndiko kuti kuchotsa denga, kukweza zipupa, kuika simenti pansi ndi kugawa kutsogolo kuti kukhale zipinda zinayi zochititsa lendi. Mbali yachiwiri ndi kuwonjezera chakumbuyo mosungira nandolo ndi chimanga, kachipinda kodyeramo, zimbudzi ziwiri zamadzi pamodzi ndi thanki yake, komanso khoma la miyala lotchinjiriza gombe. Chowonjezeracho chidzadya mamita 7 mwa 11 aja.

Mmisiri amene ndinayamba kukambirana naye akuti nyumba imene ilipo kale sifunika kauniuni wa chilengedwe, chifukwa kauniuniyo ndi wa mafakitale, migodi ndi madamu, ndipo wanga ndi wongokonza chabe. Ku ofesi ina kumene ndinapita, bambo amene ndinawapeza anandiuza pakamwa kuti ndingopitiriza, koma nditapempha kalata anandiuza kuti ndibwere tsiku lina, ndipo ndapitako katatu osaipeza. Amene akufuna kundibwereketsa ndalama nawonso akufunsa kalata yomweyo. Kodi n'zoona kuti lamulo limakhululukira ntchito yokonzanso ndi kukuza nyumba ya malonda? Ngati limakhululukira, amene ali ndi mphamvu yonena zimenezo ndani, ndipo amanena motani? Nanga kuyandikana ndi mtsinje kumasintha chilichonse?

Bambo Chisale, Thyolo

Mayi, zikomo chifukwa chofotokoza nkhani yanu mwatsatanetsatane, makamaka poyeza mtunda umenewo. Ndinagwira ntchito zaka zambiri yoyang'anira zomangamanga ndi mipope ya madzi m'minda ya tiyi, ndipo zikalata zoterezi ndayenda nazo kangapo. Mmisiri wanu wanena zoona theka. N'zoona kuti si nyumba iliyonse imene imafuna kauniuni wamkulu, ndipo kusintha denga la sitolo sikungafanane ndi ntchito ngati ija ya bungwe la Blantyre Water Board yotenga madzi mu Likhubula kupita nawo ku Nguludi ndi ku Blantyre, imene inayenera kuunikidwa mozama. Pamene walakwitsa ndi poganiza kuti mawu akuti "kukonzanso" paokha ndi chikhululukiro, ndiponso kuti mwini nyumba kapena mmisiri angathe kudzigamulira yekha kuti wakhululukidwa.

Lamulo limene likugwira ntchito ndi Environment Management Act la 2017, limene linalowa m'malo mwa la 1996. Lamuloli ndi limene linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lodziwika kuti MEPA, ndipo gawo 31 ndi limene likunena za kauniuni wa mmene ntchito ingakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, amene m'maofesi amamutchula kuti ESIA. Mfundo yake ndi yakuti pali mitundu ya ntchito imene boma linaitchula pa mndandanda, ndipo munthu sayenera kuyamba ntchito yotero popanda chilolezo cholembedwa cha MEPA. Lamulo lomwelo limaletsanso maofesi ena opereka ziphaso kuvomereza ntchito yoteroyo mosalabadira chilolezo chimenechi. Ndiye chifukwa chake mawu a pakamwa amene munamva, ngakhale atachokera kwa munthu wamkulu, sangakutetezeni tsiku limene wina adzabwera kudzaimitsa ntchito yanu.

Mndandanda umene wakhala ukugwiritsidwa ntchito kuchokera pa ndondomeko za 1997 uli ndi zigawo ziwiri. Chigawo A ndi cha ntchito zimene kauniuni ndi wokakamiza, ndipo chigawo B ndi cha zimene kauniuni angafunike kapena ayi malinga ndi mmene zinthu zilili. Ambiri akamawerenga amangoona migodi, madamu, misewu ikuluikulu ndi mafakitale, n'kutseka bukulo ali okondwa kuti sitolo yawo mulibe. Pali zinthu ziwiri zimene amaziphonya. Choyamba, m'malo ambiri mndandandawo umatchula kumanga chatsopano pamodzi ndi kukuza chimene chilipo, kutanthauza kuti ukale wa nyumba sutchinjiriza chowonjezera chake. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yanu, pali ndime imene siyang'ana kukula kwa ntchito koma malo amene ili: ntchito zoyandikana ndi mitsinje ndi nyanja, madambo, malo osefukira madzi, magwero a madzi akumwa, manda, ndi nkhalango zotetezedwa, kapena zimene zingathe kukhudza malo amenewa. Inu mwalemba nokha kuti madzi anafika m'mawondo mu 2023 ndiponso kuti gombe lili pa mamita 11. Sitolo yofanana ndi yanu itakhala pamtunda, kutali ndi madzi, mwina palibe amene akanaifunsa zambiri. Yanuyo mtsinje waiika m'gulu lina.

Izi sizikutanthauza kuti mudzauzidwa kuchita kauniuni wamkulu wodya mamiliyoni. Njira yake imayamba ndi chikalata chachifupi chofotokoza ntchito, chimene amachitchula kuti project brief. M'menemo mumalemba kuti ndinu ndani, malo ali pati, mukufuna kumanga chiyani, chachikulu bwanji, madzi mudzawatenga kuti, zonyansa ndi zinyalala zidzapita kuti, mchenga ndi miyala zidzachokera kuti, ndiponso anthu oyandikana nanu mwawauza zotani. Akatswiri akawerenga, ndipo kawirikawiri akabwera kudzaona malowo, amagamula chimodzi mwa izi: kuti kauniuni wathunthu achitike, kapena kuti sakufunika koma mulembe ndondomeko yosamalira chilengedwe ndi anthu pa nthawi yomanga ndi pambuyo pake, imene amaitchula kuti ESMP, kapena kuti ntchitoyo siyenera kuchitika pa malo amenewo momwe mwaikonzera. Chikhululukiro chenicheni ndi kalata imene imatuluka pambuyo pa kusefa kumeneku, ndipo nthawi zambiri imabwera ndi mfundo zoti muzitsatire. Kalata imeneyo ndi imene obwereketsa ndalama akuifuna.

Poyambira panu ndi ku khonsolo ya boma la Mulanje, kwa mkulu woona za chilengedwe m'bomalo. Iyeyo si amene amapereka chilolezo chomaliza cha MEPA, koma ndi amene angakuuzeni mmene chikalatacho chilembedwere, ndipo komiti ya zachilengedwe ya pa boma ingathe kudzayendera malowo. Mupite ndi kalata yolemba, mapepala awiri ofanana, ndipo limodzi alidinde n'kukubwezerani, kuti pakhale umboni wa tsiku limene munafunsa.

Ndikuchenjezeninso pa chinthu chimodzi chimene ndaona chikugwetsa anthu ambiri. Ngakhale MEPA itanena kuti kauniuni wamkulu sakufunika, zilolezo zina sizinafe. Kuchokera pa Physical Planning Act la 2016, nkhani ya mapulani siyongokhudza mizinda ikuluikulu yokha, ndipo kukuza nyumba ya malonda kapena kusintha ntchito yake, monga kuika malo odyera pamene panali sitolo, kumafuna kuti mapulani avomerezedwe. Khoma la m'mphepete mwa mtsinje ndi kutaya madzi oipa zimakhudza Water Resources Act la 2013, limene linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Malo odyera amafuna kuti a zaumoyo awayendere. Funsaninso kuti akulembereni mtunda umene muyenera kusiya pakati pa nyumba ndi mtsinje, ndiponso kuti muyezo umenewo ukuyambira pati, chifukwa kuyeza kuchokera pamene madzi ali mu Okutobala n'kosiyana kwambiri ndi kuyeza kuchokera pamene amafika mu Febuluwale. Maganizo anga ndi akuti mamita 4 amene adzatsale mukawonjezera ndi ochepa kwambiri, ndipo sindikuona katswiri woona mtima amene angavomereze thanki ya zimbudzi pamenepo.

Mayi Nagama, kumunsi kwa Thuchila

Amayi anzanga, ine si katswiri wa malamulo, koma ndikulemba ngati munthu wokhala kumunsi kwa mtsinje, chifukwa m'nkhani zoterezi ife akumunsi ndi amene sitifunsidwa.

Kumtunda kwa mudzi wathu munthu wina wa malonda anamanga khoma la miyala ndi simenti kuti ateteze nyumba yake. Sanabise chilichonse, ndipo tonse tinkamuyamikira kuti ndi wanzeru. Chimene sitinadziwe n'chakuti madzi akagunda chinthu cholimba satha mphamvu, amangotembenuka n'kukalusira tsidya linalo. Mvula ya chaka chotsatira madzi anayamba kufukula gombe la mbali yathu, pamene panali dimba la mayi anga. Poyamba tinaona ming'alu m'nthaka, yotalika ngati mkono, motsatira mzere wa nzimbe. Kenako m'mawa wina tinapeza mizere iwiri ya nzimbe ili m'madzi, mizu ili m'mwamba. Pofika nthawi ya Freddy dimba lonse linali litapita, pamodzi ndi mtengo wa mkuyu umene tinkachapira pansi pake. Khoma lijanso silinapulumuke, chifukwa madzi analidya kunsi mpaka linagwa chafufumimba, ndipo zibuma zake zili m'kati mwa mtsinje mpaka lero, zikupatutsa madzi. Pa mlandu umene unakambidwa kwa amfumu, mwini wake ananena mawu ofanana ndi a mmisiri wanu, akuti ankangokonza malo ake akale. Panalibe pepala lililonse losonyeza kuti wina anaona pulani yake, choncho panalibenso wina woti agawane naye mlanduwo.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti kauniuniyu musamuone ngati msonkho wina umene boma likufuna kukudyerani. Mafunso amene Bambo Chisale atchula ndi omwewo amene ife tikanafunsa tikanapatsidwa mpata. Pitani mukaone amene amatunga, kuchapa ndi kuthirira mbewu kumunsi kwa sitolo yanu. Muwerenge kuti ndi mabanja angati. Mukhale pansi ndi nyakwawa ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, muwaonetse pulani, ndipo zimene anene zilembedwe. Akuluakulu a pamalopo akuuzani pamene madzi anafika mu 2015, mu 2019 nthawi ya Idai, ndi mu 2023, ndipo ena akukumbutsani za napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991. Mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje sibwera ndi madzi okha, imagubuduza miyala ndi mitengo, ndipo imadzaza m'kanthawi kochepa ngakhale kumunsi kusanagwe mvula.

Chimene chandidetsa nkhawa koposa ndi zimbudzi zamadzi. Thanki ikadzaza kapena ikang'ambika, kapena madzi osefukira akailowa, zonsezo zimapita mu mtsinje umene ana athu amasambamo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Inu mwataya kale chimbudzi chimodzi ndi madzi, ndipo zimene zinali m'menemo zinapita kwa anthu ena. Sindikunena izi pokuimbani mlandu, chifukwa palibe amene akanaletsa Freddy, koma chachiwirichi mukuchimanga mukudziwa. Dziwaninso kuti lamulo la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osaika moyo pachiswe, ndiponso mwayi wokadandaula ufuluwo ukaphwanyidwa. Anthu akumidzi ayamba kuzidziwa zimenezi.

Bambo Phiri, mmisiri womanga, Luchenza

Mayi Nambewe, ndagwira ntchito yomanga kwa zaka zoposa makumi awiri m'maboma a Thyolo ndi Mulanje, ndipo ndikufuna kuikira kumbuyo mmisiri mnzanga pang'ono, kenako ndimutsutse. Iye akunena zimene amaona tsiku ndi tsiku: masitolo ambiri m'malo athu a malonda amakonzedwa popanda aliyense kufunsa za chilengedwe, ndipo munthu wa mpamba wochepa akauzidwa kuti alembe katswiri, alipire, adikire miyezi, kawirikawiri ntchito imafera pomwepo, pamene mitengo ya simenti ndi malata ikukwera mwezi ndi mwezi. Dandaulo limeneli ndi loona ndipo akuluakulu a maofesi ayenera kulimva. Kuyendetsa mayi katatu popanda yankho lolembedwa ndi kumene kumachititsa anthu kumanga mobisa.

Koma pa pulani yanuyi, ngakhale kukanakhala kuti kulibe lamulo lililonse, ine sindikanavomera kukumangirani kumbuyoko. Nthaka ya m'mbali mwa mtsinje imene yagumuka kale kawiri ndi yosakhazikika. Mukakumba maziko mupeza mchenga, timiyala tobulungira ndi dothi lotayirira limene madzi anasiya kalekale, ndipo nyengo ya dzinja dzenjelo lizidzaza madzi lokha. Mosungira nandolo ndi chimanga ndi nyumba yolemera, ndiponso ndi imene sifuna chinyontho ngakhale pang'ono. Kuiika pa mamita 4 kuchokera pa gombe lodukaduka ndi kuika katundu wanu wodula kwambiri pa malo oopsa kwambiri.

Malangizo anga ndi akuti musinthe pulani musanapite nayo kulikonse. Onani ngati m'mbali mwa nyumbayo, kumanja kapena kumanzere, muli malo, ngakhale zitafuna kukambirana ndi oyandikana nawo. Kutsogolo samalani, chifukwa msewu wa M2 uli ndi malire ake amene a Roads Authority salola kumangamo. Za kumanga chipinda chapamwamba musaziganize pa zipupa za njerwa zomangira dothi, makamaka zimene zinamwa madzi mu 2023, pokhapokha injiniya ataziona n'kulamula zipilala zatsopano za konkire. Gogodani pulasitala wa m'munsi ndi chala kapena kachitsulo: akamalira ngati ng'oma ndiye kuti wasiyana ndi njerwa, ndipo mukamuchotsa mungapeze dothi la pakati pa njerwa litasanduka fumbi. Pansi pa nyumba yonse mukweze kupitirira mzere wa matope uja, ndipo musaufute mzerewo musanaujambule chithunzi, chifukwa ndi umboni wabwino kuposa mawu.

Zimbudzi ndi thanki yake ziikidwe kumbali ya kumtunda, kutali ndi mtsinje mmene malo angalolere, ndipo a zaumoyo akuthandizeni kusankha malowo. Pa gombe, m'malo mwa khoma loongoka la simenti, funsani za miyala yomangidwa m'mawaya, imene timaitcha magabiyoni, yoikidwa ngati masitepe motsatira mmene gombe lapendekera, chifukwa imalola madzi kudutsa ndipo nthaka ikatitimira imatsatira osasweka. Pamwamba pake mubzale vetiva, nsungwi ndi mitengo ya m'mbali mwa madzi monga mikuyu ndi mibawa. Komabe Mayi Nagama anena zoona, ngakhale magabiyoni angathe kukankhira madzi kwa ena akalowa kwambiri mu mtsinje, choncho ameneyo ndi malo ofunika katswiri wa zamadzi ndi chilolezo.

Pali zina ziwiri zazing'ono. Malamulo a 2018 a bungwe la National Construction Industry Council amafuna kuti nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda zimangidwe ndi zipangizo zosawononga chilengedwe, monga mabuloko a simenti, m'malo mwa njerwa zootcha ndi nkhuni, ndiye muwerengere mabuloko pa bajeti yanu. Ndipo ngati denga lakalelo lili ndi mapepala a asibesitosi, amene amapezeka pa nyumba zambiri zakale kuno, asaswedwe kapena kudulidwa ndi sowo, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo, ndipo zidutswa zake zisatayidwe kumtsinje. Mchenga musalole anyamata kuukumba pa gombe lanu lomwelo pofuna kupulumutsa ndalama ya galimoto.

Kuti ntchito isaime, ine ndikanati muyambe ndi denga ndi zam'kati, zimene sizisuntha nyumba ngakhale phazi limodzi, ndipo zowonjezerazo muzitengere ku maofesi padera.

Bambo Chisale, Thyolo

Ndikugwirizana ndi Bambo Phiri pa zonse za kamangidwe, ndipo ndaphunzirapo za kugogoda pulasitala. Pa mfundo yawo yomaliza yokha ndi pamene ndikufuna kuwonjezera chenjezo. Kugwira ntchito m'magawo chifukwa cha kuchepa kwa ndalama n'kwabwino, koma kufotokoza ntchito m'magawo kwa oyang'anira n'koopsa. Munthu akapita kukanena za denga lokha, n'kulandira kalata yakuti palibe chovuta, kenako n'kugwiritsa ntchito kalata yomweyo pomanga mosungira katundu, malo odyera, thanki ndi khoma, kalatayo simuteteza, chifukwa inaperekedwa pa ntchito ina. Kumeneko kumaoneka ngati kuduladula ntchito dala pofuna kuzemba kauniuni, ndipo zikadziwika chikhulupiriro chimatha, ngakhale pa zinthu zimene akanakulolani mosavuta. MEPA ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ndi yolamula munthu kubwezeretsa malo mmene analili ndi ndalama zake.

Choncho, mayi, m'chikalata chanu mulembe zonse zimene mukufuna kuchita kufikira kumapeto, muzigawe kuti gawo loyamba ndi ili, lachiwiri ndi ili, ndipo mupemphe momveka kuti akuuzeni ngati mungayambe gawo loyamba pamene lachiwiri likuunikidwa. Akavomera, zikhale m'kalata. Muikemo zithunzi za mzere wa matope, za gombe, ndi chojambula chosonyeza mtunda wa pakati pa nyumba, msewu ndi mtsinje. Musabise kuti madzi analowapo. Amene adzabwere kudzayendera adzamva kwa anthu oyandikana nanu, ndipo kuli bwino kuti aziwerenge kwa inu poyamba. Mukasintha pulani monga akunenera Bambo Phiri, kuchotsa thanki ndi nyumba yolemera kumbali ya mtsinje, ndiye kuti mwachotsa zifukwa zazikulu zimene zikanachititsa kuti akulamuleni kauniuni wathunthu, ndipo mwayi woti mungofunsidwa ndondomeko yosamalira chilengedwe ukula. Akakufunsani kulemba katswiri, funsani ku MEPA komweko za akatswiri amene amawazindikira, ndipo mugwirizane mtengo polemba musanapereke kalikonse.

Ndikumbutsenso kuti maso a anthu ambiri ali pa Mulanje tsopano. Nkhalango ya phirili ndi yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Sitolo yanu sili m'nkhalangomo, koma mtsinje wanu ukuchokera kumeneko, ndipo ndikuyembekeza kuti ntchito za m'mbali mwa mitsinje imeneyi ziziyang'anitsitsidwa kuposa kale.

Mayi Nambewe, msewu wa ku Muloza, Mulanje

Ndikuthokoza nonse atatu chifukwa cha nthawi yanu. Ndadikira masiku angapo ndisanayankhe chifukwa ndimafuna ndiyambe ndachitapo kanthu.

Loweruka ndinatsika ndi mtsinje wapansi, monga munanenera Mayi Nagama. Ndakhala pamalo amenewa moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanawerengepo kuti pakati pa sitolo yathu ndi pokhotera mtsinje pali madooko atatu otungira ndi kuchapira, ndiponso madimba asanu ndi limodzi tsidya linalo, moyang'anizana ndendende ndi pamene ndimafuna kuika khoma. Agogo ena amene ali ndi dimba la masamba ndi tomato anandionetsa mtengo wa mango umene uli ndi chipsera pamene chipika cha mtengo wina chinaumenya nthawi ya Freddy, ndipo chipseracho chili pamwamba kuposa mutu wanga. Anandiuzanso kuti bambo anga anasiya dala malo a kumbuyowo osamangapo, ndipo nsungwi zija anabzala ndi iwo atakambirana ndi amuna awo a agogowo. Zimenezi sindinkazidziwa.

Ndagogodanso pulasitala, Bambo Phiri, ndipo khoma lonse la kumbuyo likulira ngati ng'oma kufika m'chiuno. Denga ndi la malata wamba, kupatula kakhitchini kakale kamene kali ndi mapepala otuwa aja, ndipo ndauza anyamata kuti asawakhudze. Kumanzere kwa sitolo kuli malo a msuweni wanga amene sanamangepo, ndipo tayamba kukambirana kuti mosungira katundu ndi zimbudzi zipite kumeneko, ngakhale kuti zimenezi zifuna kuti tikhale pansi ndi amfumu ndi akubanja chifukwa ndi malo a makolo. Kachipinda kodyeramo ndaganiza zokachotsa pa pulani pakadali pano.

Kalata yopita ku khonsolo ndalemba, mapepala awiri, ndipo ndatchulamo magawo onse a ntchito pamodzi ndi zithunzi. Ndikapereka Lachiwiri. Funso limene latsala ndi la gombe. Mvula ikuyamba mwezi wamawa, ndipo zikuoneka kuti yankho lililonse lolembedwa lidzandipeza madzi atabwera kale. Kodi kubzala vetiva ndi nsungwi pamwamba pa gombe, popanda kukumba kapena kuika mwala uliwonse m'madzi, ndingayambe tsopano pamene ndikudikira? Ndipo Bambo Phiri, ngati n'kotheka, mundiuze kuti mizere ya vetiva italikirane bwanji pa gombe lotsetsereka chotere, chifukwa mbande ndazipeza kale kwa mlangizi wa zaulimi wa dera lathu.